Lata la pa Nsaru, mbuzi ya pachikhomo ndi masamu a zilembo mu kompyuta

Tsiku la msika pa Nsaru, kapena pa Msundwe mukamalowera ku Namitete, simulephera kumva nyundo za okhoma zidebe. Bambo atenga lata, alemba ndi msomali, adula, apinda, posakhalitsa mbaula kapena ndowa yaima. Usiku womwewo mwana wawo wa Fomu 4 ali pa nyali, akulimbana ndi mutu wa ma polynomial, ndipo mumtima akuti zimenezi zilibe ntchito kwathu kuno. Ine ndikuti bambo ndi mwanayo akugwira ntchito imodzi, ndipo foni imene ili m'thumba la mmodzi wa iwo ikhoza kuwaonetsa zimenezo. Chofunika n'kudziwa kuifunsa, komanso kudziwa pamene yankho lake liyenera kukayikiridwa.

Polynomial n'chiyani, tikaika Chingerezi pambali?

Ndi masamu omangidwa ndi manambala pamodzi ndi chilembo choimira nambala imene sitinaidziwe, kawirikawiri x, pogwiritsa ntchito kuphatikiza, kuchotsera ndi kuchulukitsa basi. Kugawa ndi x sikuloledwa.

Tengani lata la masentimita 60 mbali zonse zinayi. Mukufuna chidebe chopanda chivundikiro, ndiye mudula kachidutswa ka mbali zinayi zofanana pa ngodya iliyonse, n'kupinda m'mbali kuti muime. Kukula kwa kachidutswako simunakusankhe, choncho tikutcha x. Kuya kwa chidebe kukhala x, ndipo pansi pake pakhala 60 − 2x m'litali ndi m'lifupi momwe, poti mwadula uku ndi uku. Zolowa m'chidebemo ndi x(60 − 2x)². Mukachulukitsa zonse mupeza 4x³ − 240x² + 3600x. Imeneyo ndiyo polynomial, ndipo imatchedwa ya digiri 3 chifukwa x wamphamvu kwambiri m'menemo wadzichulukitsa katatu. Mzere umodzi umenewu wanyamula zidebe zonse zimene zingatuluke m'lata limenelo, chakuya ndi chosaya chomwe.

Nanga pulogalamu ya masamu a zilembo ikusiyana pati ndi kalikyuleta?

Kalikyuleta imafuna manambala okhaokha, ndipo ambiri imawadula mchira. Mukaiuza 1 ÷ 3 imakupatsani 0.3333333, mpaka pomwe galasi lathera. Pulogalamu ya algebra imasunga 1/3 monga 1/3, ndipo mukaphatikizapo 1/6 imayankha 1/2 ndendende. Koposa apo, imagwira zilembo monga mmene mphunzitsi amachitira pa bolodi: kumasula mabulaketi, kuphwanya polynomial m'zigawo zake, kugawa ina ndi inzake.

Luso limeneli si ladzulo. Pulogalamu yotchedwa Macsyma inayamba kupangidwa mu 1968 ku Massachusetts Institute of Technology ku America, nthawi imene kompyuta imodzi inkadzaza chipinda. William Schelter wa ku yunivesite ya Texas anasamala nthambi imodzi ya pulogalamuyo kuyambira mu 1982, ndipo mu 1998 analoledwa kuipereka kwaulere kwa aliyense. Ndiyo Maxima ya lero. GeoGebra inayamba ngati ntchito ya sukulu ya Markus Hohenwarter ku yunivesite ya Salzburg ku Austria cha mu 2001, ndipo William Stein anatulutsa SageMath mu 2005. Palinso Mathematica ndi Maple, koma izo n'zogula, ndipo mtengo wake si wa mwana wa mlimi. Kwa ife kuno ziwiri zokwanira ndi Maxima ndi GeoGebra. Zonse zimapezeka pa foni za Android, ndipo mukazikopera kamodzi zimagwira ntchito popanda intaneti.

Tibwerere ku lata lija. Kompyuta itiuza kuti tidule pati?

Mu Maxima mulemba expand(x*(60-2*x)^2). Ndipo ikubwezerani polynomial ya digiri 3 ija. Chidebe chachikulu koposa chimapezeka pamene galafu ya polynomial imeneyi yasiya kukwera koma isanayambe kutsika, ndiye kuti pamene kupendekeka kwake kuli 0. Lamulo la diff ndilo limapeza kupendekekako: 12x² − 480x + 3600. Mukalamula factor ikupatsani 12(x − 10)(x − 30). Mayankho ndi awiri, 10 ndi 30.

Apa ndi pamene ndikufuna muime pang'ono. Mukadula masentimita 10, chidebe chikhala chakuya 10, pansi pake 40 ndi 40, ndipo chilowa malita 16. Mukadula masentimita 30 pa ngodya iliyonse, lata lonse lathera m'zidutswa, palibe chotsala chopinda. Kompyuta yapereka mayankho onse awiri mofanana, osanena kuti ili ndi chidebe ndipo ili ndi lata lowonongeka. Siinalakwe, chifukwa funso limene munaifunsa linali la pamene kupendekeka kuli 0, ndipo pa 30 kulidi 0. Za lata siidziwa. Mmisiri wa pa Nsaru sangatenge nthawi kukana yankho lachiwirilo, koma wophunzira amene akungokopera zotuluka pa galasi adzalemba onse awiri.

Zimene timaphunzira pokonzekera mayeso a MSCE, monga remainder theorem, kompyuta imazitha?

Imazitha m'kuphethira kwa diso. Lembani factor(x^3-6*x^2+11*x-6), mupeza (x − 1)(x − 2)(x − 3). Lembani divide(x^3-6*x^2+11*x-6, x-4). Ikupatsani zinthu ziwiri, x² − 2x + 3 ndi zotsala 6. Tsopano ikani 4 m'malo mwa x mu polynomial yoyamba ija: 64 − 96 + 44 − 6, yankho ndi 6 yemweyo. Remainder theorem ndi imeneyo, ndipo wophunzira akayesa ndi x − 5, x − 7, x + 2, n'kuona kuti zikugwirizana ulendo uliwonse, amayamba kufunsa yekha chifukwa chake. Funso limenelo ndi lamtengo wapatali kuposa kuloweza.

Bwanji nthawi zina imangobweza funso langa momwe ndalilembera? Yawonongeka?

Ayi. Mukalemba factor(x^2-2), Maxima ibweza x² − 2 chifukwa lamulo limenelo limafunafuna zigawo za manambala athunthu kapena mafulakishoni, ndipo zoterozo palibe. Gwiritsani solve, ikupatsani √2 ndi −√2.

Pali kukana kwina kozama. Yesani solve(x^5-x-1), ndipo ibweza equation yanu osaimasula. Njira yothetsera digiri 2 inalembedwa bwino ndi al-Khwarizmi ku Baghdad cha mu 820, ndipo liwu lakuti algebra linachokera ku dzina la buku lake. Za digiri 3 ndi 4 zinasindikizidwa ndi Gerolamo Cardano mu 1545. Anthu anasakasaka ya digiri 5 kwa zaka pafupifupi 300, mpaka mnyamata wa ku Norway, Niels Henrik Abel, anatsimikiza mu 1824 kuti fomula yoteroyo, yogwira pa equation iliyonse ya digiri 5, kulibe ndipo sidzapezeka. Choncho kompyuta ikakana apa, ikunena zoona. Chimene ingathe ndi kuyandikira yankho ndi manambala: allroots ikuuzani kuti x ali pafupi ndi 1.1673.

Tsono mizere yokhota ya parametric, imene mapulogalamu amenewa amajambulanso, ndiye chiyani?

M'dzinja, chimanga chikamera ku Kabudula, mbuzi zimamangidwa pa chikhomo. Tinene kuti chingwe ndi cha mamita 5 ndipo mbuzi yachikoka mpaka kulimba, ikuzungulira. Njira imene ikuponda ndi yozungulira ngati maziko a nkhokwe. Mukafuna kuilemba mwa chizolowezi cha kusukulu, y mbali ino ndi x mbali inayo, muvutika, chifukwa pa x mmodzi pali malo awiri, lina kumpoto kwa chikhomo lina kummwera.

Njira ya parametric imafunsa funso lina: pa nthawi yakuti, mbuzi ili pati? Timabweretsa chilembo chachitatu, t, chimene mungachiganizire ngati nthawi kapena ngati mmene chingwe chatembenukira. Kenako timalemba x payekha ndi y payekha: x = 5cos(t), y = 5sin(t). Mukapatsa t nambala, mupeza malo amodzi. Mukamamusuntha t pang'onopang'ono, kadontho kamayenda n'kusiya mzere m'mbuyo, monga nkhono pa khonde. Mu GeoGebra mulemba Curve(5cos(t), 5sin(t), t, 0, 2π), ndipo manambala awiri omalizawo akunena poyambira ndi pothera.

Mkombero womwewo ungalembedwe popanda cos ndi sin: x = 5(1 − t²)/(1 + t²), y = 10t/(1 + t²). Ikani t = 1/2, mupeza x = 3 ndi y = 4. Ndi 3, 4, 5 amene amisiri omanga nyumba amayeza ndi tepi pofuna kuti ngodya ya maziko ikhale yolunjika. Fulakishoni ina iliyonse imene mungaike pa t, kupatula 0, 1 ndi −1, ikupatsani manambala atatu ogwira ntchito yomweyo.

Pali mzere umene njira imeneyi yokha ndiyo imaufotokoza bwino?

Ulipo, ndipo umadutsa pa msewu wa M12 tsiku lililonse. Pakani kadontho ka penti woyera pa tayala la njinga ya kabaza, muime pambali njingayo ikamachoka pa Namitete. Kadonthoko sikayenda mozungulira monga ambiri amaganizira. Kamakwera, kamapita kutsogolo, kamatsika n'kugunda pansi, kenako kudzukanso, ngati chule. Mzere umenewu umatchedwa cycloid, dzina limene Galileo anaupatsa cha mu 1599. Ngati r ndi mtunda wochokera pakati pa tayala kufika m'mphepete, x = r(t − sin t) ndipo y = r(1 − cos t).

Tayala likhale la masentimita 70 kupingasa, ndiye kuti r ndi 35. Likazungulira kamodzi njinga yasuntha masentimita pafupifupi 220, koma kadontho kaja kayenda 280, kutanthauza 8 kuchulukitsa ndi r, popanda π paliponse. Christopher Wren wa ku England ndiye anapeza zimenezi mu 1658, ndipo lero lamulo la Length mu GeoGebra limatulutsa 280 yemweyo pa foni. Mukapeza liwiro la kadonthoko ndi diff muona chinthu chimene chimandisangalatsabe mpaka pano. Pamene kagunda pansi, kamaima nji kwa kamphindi, pomwe pamwamba pa tayala kamathamanga kuwirikiza kawiri liwiro la njinga. N'chifukwa chake masipoko a m'mwamba amaoneka mwachimbuuzi njinga ikamathamanga, pamene a m'munsi amaoneka bwinoko.

Kodi t angachotsedwe kuti titsale ndi x ndi y okha?

Ngati x ndi y onse ndi ma polynomial a t, angachotsedwe nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene mitu yathu iwiri ikumana. Goloboyi pa bwalo la ku Nambuma wamenya mpira. Tinene kuti ukupita kutsogolo mamita 12 pa sekondi, ndipo unanyamuka ukukwera mamita 16 pa sekondi. Tikasiya za mphepo n'kutenga mphamvu yokokera pansi ngati 10, x = 12t ndipo y = 16t − 5t². Mu Maxima mulemba eliminate([x=12*t, y=16*t-5*t^2], [t]); ndipo chotuluka chikutanthauza 5x² − 192x + 144y = 0. Ameneyu mukanatha kumuchotsa ndi pensulo. Koma yesani x = t² − 1 ndi y = t³ − t, mzere umene umadzipingasa wokha ngati chingwe chimene mwayamba kumanga mfundo. Kompyuta ikupatsani y² = x³ + x². Njira imene imagwiritsa ntchito imatchedwa resultant, yochokera ku ntchito ya James Joseph Sylvester ya mu 1840. Ma equation akachuluka, mapulogalamu amatembenukira ku njira ina imene Bruno Buchberger anaipeza ku Innsbruck mu 1965 n'kuitcha dzina la mphunzitsi wake, Wolfgang Gröbner.

Koma dziwani chimene mwataya pochotsa t. Mpira uja unali m'mwamba masekondi 3.2 okha, unafika mamita 12.8 kutalika kwake, n'kugwa pa mamita 38.4. Equation yopanda t ija siidziwa kuti mpira unagwa. Galafu yake imapitirira kulowa pansi pa nthaka, kutsogolo ndi kumbuyo kwa goloboyi komwe. Mawonekedwe a njira yawasunga, koma yaiwala poyambira, pothera, kolowera ndi liwiro.

Kuiwala kumeneku kumasokoneza ambiri pa funso la zinthu ziwiri zoyenda. Njinga yamoto yochokera ku Kabudula ndi ngolo yochokera kumunda zikhoza kudutsa pa mphambano imodzi osagundana, ina m'mawa ina masana. Ngati mukufuna pamene njira zawo zikupingasana, patsani njinga t ndipo ngolo muipatse chilembo chake, s. Ngati mukufuna kudziwa ngati zigundane, zonse zikhale ndi t mmodzi. Awa ndi mafunso awiri osiyana, ndipo kompyuta iyankha limene mwalemba, osati limene munali nalo m'mutu.

Wophunzira ukalipentala kapena kuwotcherera ku Namitete Technical College apindulapo chiyani?

Apindula kujambula chokhota chimene angathe kuchibwereza mawa osaphonya. Akatswiri awiri a mafakitale a magalimoto ku France, Paul de Casteljau wa ku Citroën mu 1959 ndi Pierre Bézier wa ku Renault m'zaka za m'ma 1960, ankafuna njira youzira makina kapindidwe ka thupi la galimoto. Yankho lawo linali mzere wa parametric umene x ndi y ake ndi ma polynomial, wolamulidwa ndi timadontho tochepa. Koyamba ndi poyambira, komaliza ndi pothera, ndipo tapakati timangokoka mzerewo osaugunda, monga dzanja likokera nsungwi yaiwisi.

Tinene kuti mukufuna uta pamwamba pa chitseko cha masentimita 80. Timadontho tikhale (0, 0), (40, 60) ndi (80, 0). Mukapatsa kompyuta fomula ya Bézier n'kulamula expand, zonse zifupika kukhala x = 80t ndi y = 120t − 120t², t akuyenda kuchokera pa 0 kufika pa 1. Pakati penipeni uta wakwera masentimita 30, theka la kutalika kwa kadontho kokoka kaja. Pa masentimita 20 kuchokera m'mphepete wakwera 22.5. Lembani manambala oterowo khumi pa thabwa, khomani timisomali, pindani kathabwa kopyapyala motsatira, mwapeza chikombole. Kasitomala akafuna uta wotsikirapo, musuntha kadontho kamodzi kokha. Zilembo zimene mukuwerenga pa foni yanu zinajambulidwa ndi mizere yomweyi.

Alimi nawo angagwiritse ntchito polynomial poyeza feteleza?

Angathe, koma mosamala. Malangizo amene alangizi ankapereka pa chimanga, a matumba awiri a 23:21:0+4S ndi atatu a Urea pa hekitala, ankakwana makilogalamu 92 a nayitulojeni. Ofufuza, monga a ku Chitedze, amadziwa kuti zokolola sizikwera mofanana mpaka kalekale: thumba loyamba limapindulitsa kwambiri, lachisanu pang'ono. Polynomial ya digiri 2 imajambula khalidwe limeneli bwino ndithu.

Msampha uli apa. Kalabu ya alimi ku Mpingu itayesa milingo isanu ya feteleza pa timinda tisanu, GeoGebra ikhoza kupeza polynomial ya digiri 4 yodutsa pa timadontho tonse tisanu ndendende. Imaoneka yokongola, koma yameza zonse, chiswe cha m'kamunda kachitatu ndi madzi amene anaima m'kachinayi, ngati kuti ndi zochita za feteleza. Mukaifunsa za mlingo umene simunayese ikhoza kukulonjezani zokolola zosatheka. Carl Runge anaonetsa mu 1901 kuti kukweza digiri kukhoza kukulitsa cholakwa m'malo mochichepetsa. Ine ndingasankhe FitPoly ya digiri 2, yodutsa pakati pa timadontho osatigunda tonse.

Zolakwa zimene oyamba kumene amachita ndi ziti?

Zambiri ndi za kalembedwe. Maxima siimva 2x, imafuna 2*x. Mukalemba 1/2*x imamva theka la x, choncho ngati mumafuna 1 kugawa ndi 2x lembani 1/(2*x). Ndipo cos ndi sin zake zimayeza ngodya m'ma radian, moti kuzungulira kamodzi ndi 2π, osati 360. Mkombero wa mbuzi ukatuluka wosatsekeka, yang'anani pothera pa t musanaganize kuti foni yafa.

Kodi izi sizingopangitsa ana ulesi, poti m'mayeso a MANEB foni saloledwa?

Nkhawa imeneyi ndimaimva, ndipo si yopanda pake. Mwana amene angalembe funso lililonse la homuweki mu foni n'kukopera yankho adzalowa m'chipinda cha mayeso manja ali lende. Pensulo iyenera kuyamba, foni ibwere pambuyo kudzatsimikiza.

Komabe taganizirani mwana wa pa CDSS ya kumudzi amene buku la masamu amabwerekana ndi anzake angapo, ndipo mphunzitsi wake ali ndi makope ambiri oti achonge kuposa maola amene ali nawo. Mwana ameneyu akhoza kuphwanya ma polynomial khumi usiku umodzi, onse molakwika mofanana, osadziwa mpaka sabata yamawa. Kulakwitsa kumene kwagona sabata yathunthu kumamera mizu. Foni yotchajidwa pa sola ingamuuze pompopompo kuti pa nambala 3 chizindikiro chatembenuka, iye n'kubwerera kukafufuza pamene anapotoza. Mwana wa m'tauni amene makolo ake amalipira mphunzitsi wapadera ali nacho kale chomuuza zimenezo. N'chifukwa chake ndimalakalaka kuti aphunzitsi amene akusulidwa ku Nalikule ndi ku Domasi azituluka atagwirapo mapulogalamu amenewa ndi manja awo. Malamulo ofunika pa sekondale sapitirira khumi, ndipo munthu amawazolowera masana amodzi.

Mphunzitsi amene ali ndi foni imodzi yokha m'kalasi lodzaza ayambire pati?

Ayambire pa makatoni. Apemphe ku golosale makatoni akale, adule zidutswa zinayi za masentimita 60 mbali zonse, agawe kalasi m'magulu anayi. Gulu loyamba lidule masentimita 5 pa ngodya, lachiwiri 10, lachitatu 15, lachinayi 20, ndipo asanapinde aliyense alembe m'kope chidebe chimene akuganiza kuti chilowa zambiri. Ambiri amaloza chakuya chija cha 20. Kenako amate ngodya ndi selotepi, athire mchenga wouma poyeza ndi botolo la lita imodzi. Cha 5 chilowa malita 12 ndi theka, cha 10 malita 16, cha 15 malita 13 ndi theka, ndipo chakuya chija malita 8 okha.

Apo ndi pamene mphunzitsi alembe x(60 − 2x)² pa bolodi, ana amasule mabulaketi ndi pensulo, ndipo foni iyende benchi ndi benchi ikuonetsa galafu itakwera mpaka pa 10, n'kutsika kukagunda pansi pa 30. Wina kumbuyo adzafunsa chifukwa chake galafuyo ikukweranso ikadutsa 30, pomwe katoni inatha kale. Mphunzitsi asafulumire kuyankha. Amupatse mwanayo sizasi ndi katoni ina, ayese kudula masentimita 35 pa ngodya iliyonse.